Kodi kutha msinkhu kumayambira kuti?

Mnyamata akafika zaka 17 mawu ake akadali a mwana, ndevu osaoneka ngakhale imodzi, anzake amene ankamenya nawo chikulunga onse atamusiya m'mbuyo, pakhomo pamayamba manong'onong'o. Azakhali amati mwanayu alipo anamumanga. Agogo amati musiyeni, nthawi yake sinakwane. Ena amaloza chala mayi wake, ati kaya anaphonya mwambo wanji ali ndi pakati. Mtsikana akachedwa kukula nkhani yake ndi yomweyo, kungoti amayi amaikamba motsitsa mawu kuseri kwa nyumba. Anthu onsewa amamufunira zabwino mwanayo, ndipo maganizo awo amathamangira malo amodzi, ku ziwalo zoberekera. N'zosadabwitsa, popeza n'kumene kusintha kumaonekera. Koma lamulo loti thupi liyambe kusintha silichokera kumeneko. Limachokera kumutu.

Kunsi kwa ubongo kuli kachigawo kotchedwa hypothalamus. M'menemo muli maselo a mitsempha pafupifupi 2,000 amene ntchito yawo ndi kutulutsa homoni yotchedwa GnRH. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha oposa 80 biliyoni, ndiye 2,000 si kanthu, komabe popanda iwo palibe mtsikana angayambe kusamba, palibenso mnyamata angamere ndevu. GnRH imadutsa m'timitsempha ta magazi tatifupi kwambiri n'kukafika pa kachiwalo kolendewera kunsi kwa ubongo kotchedwa pituitary. Kachiwaloko kakalandira uthenga kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH, ndipo amenewa ndiwo amayenda ndi magazi mpaka kukadzutsa machende a mwamuna kapena mabasiketi a mazira a mkazi. Ndiye kuti mnyamata uja akhoza kukhala ndi ziwalo zabwinobwino, zopanda chilema, zikungodikira uthenga umene sunabwere.

Kuti zimenezi zidziwike panapita zaka zambiri. Maselowa sakhala malo amodzi, amamwazikana pakati pa maselo ena mamiliyoni, mkatikati mwa mutu momwe dokotala sangapisemo dzanja munthu ali moyo. Homoni yawo simungaiyeze potenga magazi pamkono, chifukwa imatuluka pang'ono zedi ndipo imatha m'mphindi zochepa. Andrew Schally ndi anzake ku New Orleans, m'dziko la America, anachita kusonkhanitsa tizidutswa ta ubongo wa nkhumba masauzande ambirimbiri kuti apeze kokwanira kuyeza, ndipo mu 1971 anatulukira mmene homoniyi inapangidwira. Mu 1977 iye ndi Roger Guillemin, amene ankapikisana naye pogwiritsa ntchito ubongo wa nkhosa, analandira mphoto ya Nobel. Homoni inadziwika, koma maselo oitulutsa anali obisikabe. Apa m'pamene ena anaganiza zowachotsa m'thupi n'kuwalera m'mbale.

Mawu oti kulera maselo m'mbale amadzidzimutsa. Alipo amene akamva amati asayansi ayamba kuumba anthu m'mabotolo. Mantha amenewa ine sindiwapeputsa, pakuti thupi la munthu timalilemekeza, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa amene akuligwira kuti akuchita nalo chiyani. Koma tiyeni tilowe m'labotalemo tione.

Mbale yake ndi yapulasitiki yoonekera mkati, yokwana pachikhatho. Muli timadzi tofiirira tosakaniza shuga, mchere, mavitamini ndi zomanga thupi. Imagona m'kabati yofunda madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, ndipo mpweya wa m'kabatimo amauthira carbon dioxide wokwana 5 peresenti. Woisamalira amavala magolovesi, amapukuta paliponse ndi sipiriti, amatsegula mbaleyo pamalo pomwe pakuwomba mpweya wosefedwa, amayamwa timadzi takale ndi kachubu n'kuthiramo tatsopano. Timadzi tikasanduka tachikasu ndiye kuti chakudya chatha kapena mwalowa majeremusi. Nkhungu ikangogweramo, ntchito ya mwezi wathunthu yapita. Mukayang'ana ndi maso simuona kanthu, mwina kachifunga pansi pa mbale. Pa maikulosikopu m'pamene mumaona timaselo tatitali, tosongoka uku ndi uku, tili ndi kamchira kutsogolo ndi kena kumbuyo. M'mbalemo mulibe mtima wogunda, mulibe chomva ululu, mulibe choganiza, ndipo timaselo timeneti sitingasanduke mwana ngakhale mutatisunga zaka zingati. Luso lakenso si la dzulo. Mu 1907 Ross Harrison wa ku Johns Hopkins University anaika kachidutswa ka mluza wa chule m'kadontho ka madzi a m'thupi la chule, n'kuona ndi maso ake ulusi wa mtsempha ukumera kuchoka mu selo.

Chikhulupiriro china chinali cha ophunzira omwe. Kwa nthawi yaitali zinkaoneka zosachita kufunsa kuti selo la mu ubongo limabadwira mu ubongo momwemo. Mu 1989 magulu awiri a ku America, la Marlene Schwanzel-Fukuda ndi Donald Pfaff ku Rockefeller University, ndi la Susan Wray ku National Institutes of Health, anaunika miluza ya mbewa tsiku ndi tsiku, ndipo onse anapeza chimodzimodzi: maselo a GnRH amabadwira m'mphuno. Bere la mbewa limatenga pafupifupi masabata atatu. Cha pa tsiku la 11, pamalo pomwe pakuumbika mphuno, timaseloti timaonekera n'kuyamba kuyenda. Timatsata ulusi wa mitsempha yochokera kumphuno, timadutsa pomwe padzakhale fupa lolekanitsa mphuno ndi ubongo, timalowa mu ubongo n'kukhotera pansi mpaka tikafike kwawo. Pa mbewa ulendowu sutha sabata. Mwa munthu umayamba m'mwezi wachiwiri wa mimba, pomwe mayi mwina sanauzeko aliyense kuti ali ndi pakati. Zimenezi zimandigwira mtima nthawi iliyonse ndikaziganizira. Kholo lililonse la m'mtundu mwanu, kuyambira makolo amene mayina awo anaiwalika, linabereka chifukwa timaselo take tinayenda ulendo umenewu n'kufika.

Kuona maselo akufa pa kagalasi, lero ali apa mawa ali apo, n'kosiyana ndi kuwaona akuyenda. Wray ndi anzake anapeza njira yake. Amadula kachigawo ka mphuno ka mluza wa mbewa wa masiku 11 ndi theka, kakang'ono moti amakagwira akuyang'ana pa maikulosikopu. Amakamata pa kagalasi ndi kadontho ka madzi a m'magazi a nkhuku, amene amaundana n'kukagwira, kenako amathirapo timadzi todyetsa tija. Pakapita masiku angapo, ulusi wa mitsempha umayamba kutuluka m'kachidutswako, ndipo pambuyo pake maselo a GnRH amatuluka akukwawa pa ulusiwo, ubongo woti akalowemo kulibe. Kamera imajambula kwa maola angapo. Zithunzizo akaziika pamodzi n'kuzithamangitsa, selo limaoneka likutambasula kamchira kutsogolo, kenako thupi lonse n'kudzikoka kutsatira. Limaima kaye, limayendanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya anthu odekha. Wofufuza amathira mankhwala amodzi n'kuyeza ngati liwiro lachepa, amatseka kachidutswa kamodzi ka DNA n'kuona ngati maselo asochera. Mwa njira imeneyi, chimodzichimodzi, adziwa zinthu zambiri zimene zimaitana maselowa, zimene zimawachedwetsa ndi zimene zimawauza kuti afika.

Nanga ulendowo ukalephereka? Yankho lake linali litagona m'mabuku kwa zaka zoposa 130 popanda wolimasulira. Mu 1856 dokotala wa ku Spain, Aureliano Maestre de San Juan, anaunika mtembo wa mwamuna wina n'kupeza zinthu ziwiri zooneka zosagwirizana: ziwalo zoberekera zinali zazing'ono, ndipo mu ubongo munalibe tizigawo tolandira fungo. Mu 1944 Franz Kallmann ku New York anafotokoza za mabanja amene vutoli linkayenda m'magazi, anthu osatha msinkhu komanso osamva fungo, ndipo matendawa mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Koma mphuno ndi kubereka zikugwirizana pati? M'chaka chomwe chija cha 1989, Schwanzel-Fukuda ndi anzake anaunika mwana wosabadwa wa masabata 19 amene anali ndi vutoli. Maselo a GnRH analipo, anabadwa bwinobwino, koma anali ataunjikana kumtunda kwa mphuno, osalowa mu ubongo. Ulusi wa mitsempha ya fungo unalephera kulumikizana ndi ubongo, choncho munthuyo akanakula osamva fungo, ndipo maselo aja anasowa podutsa. Mu 1991 kachidutswa koyamba ka DNA koyambitsa vutoli kanapezeka, ndipo kuchokera pamenepo papezeka tina tambiri. Ku Finland, kumene anawerengera bwino, matendawa amapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 30,000 alionse ndi mkazi mmodzi pa 125,000.

Mwana wotere palibe anamumanga, ndipo mayi wake palibe chimene analakwa. Zonse zinachitika mimba ikadali yaing'ono. Chomvetsa chisoni n'chakuti chizindikiro chake chimakhala poyera koma palibe amachifunsa. Mwanayo sanamvepo fungo la nsomba yowotcha, la dothi mvula yoyamba ikagwa, ngakhale la nsima ikamapserera, ndipo nthawi zambiri iye mwini sadziwa kuti pali chimene akusowa, popeza sanachimvepo chibadwire. Dokotala wodziwa amangomuuza atseke maso, n'kumuyandikizira sopo kapena khofi pamphuno.

Agogo aja ndiwapatse ulemu wawo: kawirikawiri amakhala akunena zoona. Ana ambiri ochedwa kutha msinkhu alibe matenda a Kallmann. Ena ndi chibadwa cha kwawo, bambo kapena mayi nawonso anachedwa, ndipo nthawi ikakwana zonse zimayenda zokha. Ena ndi kuperewera kwa chakudya, kapena matenda okhalitsa monga HIV ndi sickle cell. Vuto ndi lakuti poyang'ana ndi maso okha simungasiyanitse amene akungochedwa ndi amene uthenga wake sudzabwera popanda thandizo.

Palinso maganizo amene tonse timakhala nawo pa mankhwala, akuti ngati pang'ono pakuthandiza, zambiri zithandiza koposa. Pa GnRH zili mosemphana. Mu 1978 gulu la Ernst Knobil ku Pittsburgh linatenga anyani a mtundu wa rhesus amene ubongo wawo sunkathanso kutulutsa homoniyi. Atawapatsa GnRH mosalekeza, usana ndi usiku, pituitary inayankha poyamba kenako inangoti zii. Atawapatsa pang'ono kwa mphindi zochepa kamodzi pa ola, n'kusiya, n'kudzaperekanso ola linalo, LH ndi FSH zinabwerera mwakale. Munthu woyandikana ndi chigayo amafika posiya kumva phokoso lake, koma wina akagogoda pachitseko amadzidzimuka. Pituitary nayo imamva uthenga wobwera modukizadukiza. Mwa munthu wamkulu GnRH imatuluka kamodzi pa ola limodzi kapena awiri, ndipo mwana akamayamba kutha msinkhu imayamba kutuluka usiku, iye ali mtulo, miyezi yambiri thupi lisanaonetse kanthu.

Madokotala anatengerapo nzeru mbali zonse ziwiri. Akafuna kudzutsa thupi, pali kapampu kakang'ono kovala pathupi kamene kamapereka GnRH modukizadukiza. Akafuna kuligoneka, amabaya mankhwala ofanana ndi GnRH ogwira ntchito mosalekeza, monga amachitira ndi abambo odwala khansa ya prostate kapena ana amene ayamba kutha msinkhu ali aang'ono kwambiri. Zina mwa izi timaziona kumudzi tsiku ndi tsiku osadziwa dzina lake. Mayi woyamwitsa pafupipafupi amachedwa kuyambanso kusamba chifukwa kuyamwa kwa mwana kumachepetsa katulukidwe ka GnRH. Mtsikana wowonda kwambiri ndi njala, kapena mkazi amene ali pa nkhawa yaikulu, msambo umatha kuima pa chifukwa chomwecho. Jekeseni wakulera wa Depo naye mbali yaikulu ya ntchito yake amaigwira kumutu komweko, poletsa uthenga woti dzira lituluke, ndipo mphamvu yake ikatha m'thupi uthengawo umabwerera, ngakhale kwa ena zimatenga miyezi ingapo. Sawotcha chiberekero monga ena amaopera.

Funso lotsatira linali lakuti, amawerenga nthawi ya kudukizadukiza kuja ndani? Apa mbale inathandiza kwambiri, ndipo inatsala pang'ono kusocheretsa. Mu 1990 Pamela Mellon ndi anzake ku California anasintha chibadwa cha mbewa kuti maselo ake a GnRH achite chotupa. Kuchokera m'chotupacho anapeza maselo ochulukana osaleka, otchedwa GT1, amene anagawidwa m'malabotale a mayiko ambiri ndipo akugwirabe ntchito mpaka pano. Chaka chotsatira Sally Radovick anapeza mtundu wina kuchokera m'chotupa chomera panjira ya kumphuno ija, maselo amene akadali ndi khalidwe loyenda. Pofika 1992 magulu angapo anaona kuti maselo a GT1, ali okhaokha m'mbale, amatulutsa GnRH modukizadukiza. Ei Terasawa ku Wisconsin analera maselo ochokera m'mphuno za miluza ya anyani, ndipo nawonso ankatulutsa homoniyi pafupifupi mphindi 50 zilizonse, zoyandikira kwambiri mmene zimakhalira m'thupi la nyani wamoyo. Ambiri anati basi, nkhani yatha, maselowa amadziwerengera okha nthawi.

Sinathe. Mu 2003 magulu awiri, la Nicolas de Roux ku Paris ndi la Stephanie Seminara ku Boston mogwirizana ndi anzawo a ku Cambridge, anapeza mabanja amene anthu ake sankatha msinkhu koma fungo ankamva bwinobwino. Maselo awo a GnRH anafika mu ubongo, kungoti anali ogontha ku uthenga wina wotchedwa kisspeptin, wochokera ku maselo ena apafupi. Mu 2017 gulu la Allan Herbison ku Otago, m'dziko la New Zealand, linaonetsa pa mbewa zamoyo kuti maselo a kisspeptin amenewa ndiwo amayamba kuyaka pamodzi, ndipo a GnRH amatsatira. Zimene zinaoneka m'mbale sizinali zabodza, koma zinali mbali chabe. Selo la m'chotupa limachulukana, pomwe selo lenileni la mu ubongo silichulukana. Selo la m'mbale lilibe anansi, silidziwa ngati mwini wake wadya kapena wagona ndi njala, silidziwa usiku ndi usana. Wofufuza wabwino akaona chinthu m'mbale amakachiyesanso pa nyama yamoyo, kenako amakafunsa madokotala ngati odwala awo akuonetsa zomwezo. Mukamva pa wailesi kapena kuwerenga pa Facebook kuti asayansi apeza mankhwala a kusabereka, funsani kaye ngati awapeza m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu. Pakati pa zitatuzi pamadutsa zaka, ndipo zambiri zimathera panjira.

Mbewa si munthu, nyaninso si munthu, ndipo palibe angalole kuti atsegulidwe mutu n'cholinga choti ena aphunzire. Khomo linatseguka mu 2007, pamene Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti selo la pakhungu la munthu wamkulu likhoza kubwezedwa m'mbuyo mpaka kufika pomwe lingasanduke selo la mtundu uliwonse. Mu 2016 gulu la Taneli Raivio ku yunivesite ya Helsinki linalondolera maselo otere kuti asanduke maselo a GnRH. Amayamba ndi kuwakankhira ku mtundu wa maselo a kutsogolo kwa mutu, kenako amawathira chinthu chotchedwa FGF8, chimene m'mimba mwa mayi chimapezeka pomwe pakuumbika mphuno, ndipo pakatha pafupifupi mwezi ena mwa iwo amayamba kutulutsa GnRH. Ndiyenera kunena poyera kuti ena mwa maselo amene amagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wotere anachokera ku miluza ya masiku ochepa imene inatsala kuchipatala chothandiza mabanja osabereka. Pamenepo anthu a zikhulupiriro zosiyana amatsutsana, ndipo mtsutso wake ndi woyenera. Njira ya Yamanaka ndiyo imalambalala vutolo, chifukwa imangofuna kachikopa kapena timagazi ta munthu amene wavomera yekha. Ndi njira imeneyi wofufuza akhoza kutenga maselo a munthu wodwala Kallmann n'kuona m'mbale pomwe maselo ake amalakwitsa.

Palibe chipatala chimene chikuika maselo amenewa m'mutu mwa anthu. Wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala a maselo ochiza kusabereka, musamupatse ndalama. Thandizo lenileni ndi lakale ndithu ndipo limagwira ntchito. Mnyamata amapatsidwa testosterone, mtsikana amapatsidwa estrogen, ndipo thupi limasintha monga la anzawo, mafupa nawo amalimba. Akadzafuna ana, pali jekeseni wolowa m'malo mwa LH ndi FSH, kapena kapampu kaja, ndipo abambo ambiri a vutoli amayamba kupanga mbewu, amayi amatulutsa mazira. Raivio yemweyo, akugwira ntchito ku Boston mu 2007, anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi pa 10 alionse a vutoli amadzafika poti thupi lake layamba kudzipangira lokha mahomoni atasiya mankhwala. Munthu amene pamudzi amamutcha gojo, kapena mayi amene amamunena kuti chumba, mwina wanyamula manyazi zaka zonsezi pa vuto limene lili ndi dzina ndiponso mankhwala.

Inu makolo, azakhali ndi atsibweni, gwirani manambala awa. Mtsikana akafika zaka 13 mabere asanayambe kumera, kapena zaka 15 asanayambe kusamba, ndiponso mnyamata akafika zaka 14 popanda kusintha kulikonse kwa ziwalo zake, pitani naye kuchipatala. Musananyamuke mufunseni mofatsa, pa awiri, ngati amamva fungo, ndipo zimene ayankhe mukauze dokotala. Ngati pachipatala chapafupi sangathe kuyeza mahomoni, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Ndipo banja likakhala chaka chathunthu likufuna mwana osapezeka, akayezetse onse awiri, mwamuna ndi mkazi.